Pa aperekezi a Chingerezi ndimadalira Oxford Learner's Dictionaries

Ntchito yanga ndi kuwerenga makalata ndi malipoti a Chingerezi asanatuluke mu ofesi, ndipo inki ya cholembera changa chofiira imathera kwambiri pa aperekezi, timawu tija ta "at", "in", "on", "to", "for", "of" ndi "with". Anthu omwe ndimawakonzera zolemba ndi ophunzira bwino ndithu. Nthawi za aneni saziphonya, mawu akuluakulu amawadziwa, koma pa timawu timeneti amapunthwa onse, wamkulu ndi wamng'ono yemwe. Chida chomwe ndakhala ndikuchidalira pa vuto limeneli ndi tsamba la pa intaneti la Oxford Learner's Dictionaries, la Oxford University Press. Kufufuza mawu pa tsambali n'kwaulere. Lili ndi zambiri, koma pano ndinena za aperekezi okha, poti ndi zomwe zimandipititsako.

Pa zida zaulere zomwe ndazigwiritsapo ntchito, tsamba limeneli ndi lomwe limayankha msanga ndiponso molondola munthu akamakayika kuti aike mperekezi uti. Koma limayankha bwino kwa yekhayo amene akudziwa kafunsidwe kake, ndipo ambiri sakadziwa. Munthu akakayika pakati pa "in" ndi "on" amalemba "in" m'kabokosi kofufuzira, kenako "on", n'kupeza kuti liwu lililonse lili ndi matanthauzo oposa 10. Amawerenga mpaka mutu kuwawa, n'kutseka foni asanapeze chomwe amafuna. Zili ngati kufunsa njira ya kunyumba imodzi, wina n'kuyamba kukuwerengera misewu yonse ya mumzinda. Chofunika kufufuza ndi liwu lomwe latsogolera mperekeziyo, kaya ndi mneni, dzina kapena mfotokozi, chifukwa m'Chingerezi nthawi zambiri liwu limenelo ndi lomwe limasankha mperekezi wake.

Tengani liwu lakuti "agree". Mukalilemba, pamwamba pamabwera katchulidwe kawiri, ka ku Britain ndi ka ku America, komwe mungamvetsere podina kachizindikiro. Pansi pake pali matanthauzo oikidwa manambala, lililonse ndi zitsanzo zake. Tsono kutsogolo kwa zitsanzo zambiri kuli timizere ta zilembo zonenepa tosonyeza momwe liwulo limamangidwira m'chiganizo: "agree with somebody", "agree to something", "agree on something", "agree to do something". Timizere timeneti ndiye phindu lenileni la tsambali, ndipo ndimauza aliyense kuti ayambe wawerenga timeneti asanaone tanthauzo. Ukakhala ndi maganizo amodzi ndi munthu, umaika "with". Ukavomera pempho kapena dongosolo lomwe wina wabweretsa, umaika "to". Anthu angapo akakambirana n'kumanga chimodzi, monga tsiku la msonkhano, ndi "on". Wina angati zimenezi n'zazing'ono, koma talingalirani wolemba zokambirana za pamsonkhano atalemba kuti "The board agreed with our proposal" pomwe amafuna kunena kuti "The board agreed to our proposal". Chiganizo choyamba chikungoti akuluakulu aona kuti maganizo athu ndi abwino. Chachiwiri chikuti alola kuti zichitike, ndalama zituluke. Anthu akhoza kukangana miyezi chifukwa cha kaliwu kamodzi kameneko, aliyense ataloza pepala lomwelo.

Kuti dikishonaleyi imaika mtima chotere pa kamangidwe ka mawu sizinangochitika. Anaiyambitsa A. S. Hornby, mphunzitsi wa ku England yemwe anaphunzitsa Chingerezi ku Japan kwa zaka zambiri ndipo anagwira ntchito limodzi ndi Harold Palmer ku Tokyo. Awiriwa anaona kuti ophunzira awo amatha kudziwa tanthauzo la liwu koma n'kulephera kulilumikiza ndi mawu ena. Dikishonale ya Hornby inatuluka koyamba ku Tokyo mu 1942, Oxford University Press n'kudzaisindikiza mu 1948, ndipo kope lake lachikhumi, la dzina loti Oxford Advanced Learner's Dictionary, linatuluka mu 2020. Zomwe timawerenga pa tsambali zimachokera m'dikishonale imeneyo. Inalembedwera anthu omwe Chingerezi si chiyankhulo chawo chobadwa nacho, n'chifukwa chake imanena poyera zinthu zomwe madikishonale olembera eni chiyankhulo amangozidumpha poganiza kuti aliyense akuzidziwa. Mwana wobadwira m'Chingerezi safunika kuuzidwa kuti "depend" amatsatana ndi "on". Ife timafunika.

Zolakwa zomwe ndimaziona kwambiri ndi zoika mperekezi pomwe safunika n'komwe, ndipo apa ndi pomwe tsambali landithandiza koposa, makamaka pofotokozera anzanga popanda kukangana nawo. Mtsikana wina yemwe anali atangoyamba kumene ntchito anandibweretsera kalata yopita kwa ogulitsa katundu. Inali yolembedwa mwaukhondo, ndipo chiganizo chachiwiri chinali chakuti "We would like to request for a quotation for the items we discussed about last week". Ndinafafaniza "for" woyamba ndi "about". Iye anayang'ana pepalalo kwa kanthawi, kenako anati, "Pepani mayi, koma request for ndimaiona m'makalata ambiri, ngakhale a mabwana. Yalakwika pati?" Ndinati, "Simukunama achemwali, mumaionadi. Tatsegulani foni yanuyo tione limodzi." Liwu lakuti "request" lili ndi masamba awiri, la dzina ndi la mneni. Pa tsamba la dzina anawerenga yekha kamzere kakuti "request for something". Atapita pa tsamba la mneni anapeza "request something", popanda kanthu pakati. Anabwerera pa loyamba, n'kupitanso pa lachiwiri, chala chili pa galasi la foni, kenako anati, "Ndiye kuti a request for ndi yabwinobwino, koma to request for ayi." Sindinawonjezerepo kanthu. Anafufuza yekha "discuss" n'kupeza kachenjezo komwe analemba pamenepo, konena mosapsatira kuti mneni ameneyu satsatana ndi "about". Asanachoke anayesanso "order", poti kalata yotsatira inali yoitanitsa katundu. Pamenepo anaona kuti "for" alipo, koma amaloza munthu yemwe ukumuitanitsira chinthucho, pomwe chinthu choitanitsidwacho chimabwera molunjika: "order the chairs for the new office".

Zomwe mtsikanayo anatulukira ndi gwero la zolakwa zambiri za mtundu umenewu. Chingerezi chili ndi mawu ambiri omwe dzina lake limafuna mperekezi pomwe mneni wake samufuna. Timati "a discussion about" koma "discuss the matter", "an emphasis on" koma "emphasize the point", "a demand for" koma "demand an answer", "a lack of" koma "they lack funds", "in contact with" koma "contact the manager". Khutu limazolowera kumva mawu awiriwo ali limodzi pa dzina, ndiye dzanja polemba limangowasamutsira kwa mneni. Munthu akazindikira zimenezi kamodzi, amayamba kudzikayikira pa malo oyenera. Tsambali limathandizanso poika chizindikiro pa tanthauzo la mneni, chonena ngati ali woyambukira kapena wosayambukira, "transitive" kapena "intransitive". Mneni woyambukira amagwira pamtherankhani wake mwachindunji. Wosayambukira, monga "listen", amafuna mperekezi kuti afikire chinthucho, n'chifukwa chake timati "listen to the radio". Anthu ambiri timawu tiwiri timeneti, "transitive" ndi "intransitive", amatidumpha poona ngati n'ta akatswiri, chonsecho yankho la funso lawo lili pomwepo.

Pali aneni ena omwe amasintha khalidwe malinga ndi tanthauzo, ndipo awa ndimakonda kuwaonetsa anthu omwe amafuna lamulo limodzi lokwanira ponseponse. Munthu akalowa m'chipinda timati "she entered the room", popanda "into". Koma makampani awiri akachita mgwirizano timati "they entered into an agreement". Tsambali limaika "enter into" payekha m'munsi mwa tsamba la "enter", pamodzi ndi aneni ena oyenda ndi timawu tawo, kotero muyenera kutsika mpaka pansi. Chimodzimodzi "marry": "he married her" alibe mperekezi, koma "she is married to him" ali ndi "to", osati "with" monga ambiri amalembera. Nayenso "explain" ali ndi kachenjezo kake, kakuti sunganene "explain me", koma "explain to me". Timachenjezo totere sitipezeka pa liwu lililonse, koma pomwe tilipo tinaikidwa pa zolakwa zomwe ophunzira a m'mayiko ambiri amachita, ndipo zimaonetsa kuti olembawo anakhalapo ndi ophunzira enieni.

Mbali ina yomwe ndimaiona yofunika kwambiri kwa olemba malipoti ndi ya manambala. Apa mperekezi wolakwika amasintha chiwerengero chenicheni. "The number increased by 20" ndi kuti pawonjezeka 20 pa zomwe zinalipo. "The number increased to 20" ndi kuti tsopano zonse pamodzi zafika 20. Ngati poyamba zinali 15, chiganizo choyamba chikupereka 35, chachiwiri 20. Pa dzina napo pali kusiyana: "an increase in sales" amatchula chinthu chomwe chakwera, "an increase of 5 per cent" amatchula kukula kwa kukwerako. Zonsezi zili pa masamba a "increase" ndi zitsanzo zake. M'masamba ambiri a mayina mulinso kabokosi kotsekeka kolembedwa Oxford Collocations Dictionary. Mukakadina kamatseguka n'kuonetsa afotokozi, aneni ndi aperekezi omwe amayenda ndi liwulo. Kamangotchula mawu popanda zitsanzo, ndipo kuti muone zonse muyenera kukhala pa gawo lolipira, komabe nthawi zambiri kamzere ka aperekezi kaja kamakhala kokwanira kukukumbutsa chomwe unaiwala.

Nthawi yomalizira ntchito ndi malo ena oterera. "Submit the report by Friday" akutanthauza kuti lipoti lifike Lachisanu lisanathe, kaya lifika Lachitatu palibe vuto. "Until Friday" amanena za chinthu chomwe chikupitirira mpaka Lachisanu, monga "the office is closed until Friday". Ndalandirapo makalata ochuluka olembedwa kuti "please submit until Friday", ndipo wowerenga wakunja amatha kumvetsa, koma amadziwiratu kuti wolembayo chiyankhulochi sanachigwire. "On time" ndi kusunga nthawi yomwe munapangana, "in time" ndi kufika zinthu zisanachedwe. "At the end" amafuna kuti utchule mapeto a chiyani, "in the end" ndi kunena zomwe zinachitika pambuyo pa zonse. Izi zilimo, koma masamba a "time" ndi "end" ndi aatali zedi, ndipo pafoni muyenera kuleza mtima potsika. Pa kompyuta ndimangogwiritsa ntchito Ctrl ndi F kufufuza mawuwo m'tsambamo.

Ena aperekezi amanyamula mtima wa wochitayo. "He shouted to me" ndi munthu wokuwa kuti ndimumve chifukwa ali patali, "he shouted at me" ndi wondikalipira. "Throw to" ndi kuponyera munthu kuti awakhe, "throw at" ndi kumugenda. M'lipoti lofotokoza mkangano wa pantchito, kusankha pakati pa "to" ndi "at" kukhoza kumuika munthu m'madzi kapena kumupulumutsa. N'chimodzimodzi "responsible for", yemwe amatchula ntchito yomwe uli nayo m'manja, ndi "responsible to", yemwe amatchula bwana yemwe umayankha kwa iye. Ofunsira ntchito ayenera kudziwanso kuti "apply for" amatsatana ndi ntchitoyo, "apply to" ndi kampaniyo. Ndipo makalata ambiri ofunsira ntchito amagwa pa chiganizo chomaliza, pomwe munthu amalemba "I look forward to hear from you". Uyu "to" ndi mperekezi, choncho mneni wotsatira amayenera kukhala wa "-ing": "I look forward to hearing from you". Kamzere ka zilembo zonenepa pa tsamba la "look forward to" kamaonetsa zimenezi moonekeratu, monganso pa "object to" ndi "be used to".

Chinthu chinanso chomwe ndimachiyamikira ndi chakuti tsambali limasiyanitsa Chingerezi cha ku Britain ndi cha ku America popanda kunena kuti china n'cholakwika. Mikangano yambiri yomwe ndaiona pakati pa anthu awiri ophunzira bwino imakhala yakuti onse akulondola, kungoti wina anazolowera mabuku a ku London, wina mafilimu ndi mabuku a ku New York. Ku Britain amati "at the weekend", ku America "on the weekend". Wodwala wogonekedwa ku Britain ali "in hospital", ku America ali "in the hospital". Aku America amatha kunena "write me" ndi "Monday through Friday" pomwe aku Britain amati "write to me" ndi "Monday to Friday". Pa "different" pali kabokosi kofotokoza kuti "different from" amagwira mbali zonse ziwiri, "different to" amamveka ku Britain, "different than" ku America. Ine ndimalangiza "different from" nthawi zonse polemba za ntchito, chifukwa palibe angakudzudzule naye. Chachikulu n'chakuti m'chikalata chimodzi usamasakanize, ndipo zizindikiro za "British English" ndi "North American English" zomwe zili pambali pa zitsanzo zimakuthandiza kusunga mbali imodzi.

Palinso lamulo lina lomwe ambiri tinauzidwa, lakuti chiganizo cha Chingerezi chisathere pa mperekezi. Lamulo limeneli anthu amalilondola mpaka kwa John Dryden, mlakatuli wa ku England, yemwe mu 1672 anadzudzula Ben Jonson chifukwa cholemba motero. Koma eni chiyankhulo akhala akuthera ziganizo pa aperekezi kuyambira kalekale, ndipo sanasiye. Pa tsamba la "whom" pali kabokosi kofotokoza kuti kuyamba funso ndi "to whom" ndi kalembedwe kaulemu wapamwamba kwambiri, ndipo kuti poyankhula chachibadwa ndi kugwiritsa ntchito "who" n'kuika mperekezi kumapeto. Zimandikondweretsa kuti sanabise zimenezi, chifukwa ndaona anthu akupotoza ziganizo zabwinobwino mpaka kusamveka poopa lamulo lomwe eni ake salitsata. "Who did you speak to?" ndi Chingerezi chokhoza. M'kalata yopita kwa akuluakulu mungasankhe "to whom" ngati mukufuna, koma musamufafanizire mnzanu chiganizo chake pa chifukwa chimenechi.

Tsono pali pomwe dikishonaleyi siifika. Poyamba ndi pa "at", "on" ndi "in" akamanena za nthawi ndi malo, pomwe palibe mneni kapena mfotokozi woti umufufuze. Dikishonale imakupatsa tanthauzo la aliyense payekhapayekha, koma sikuikira atatuwo pamodzi kuti uone malire awo, ndipo malirewo ndi omwe wophunzira akufuna. Pa nthawi, dongosolo lake ndi losavuta likanenedwa pamodzi. "At" ndi wa nthawi ya pawotchi, "at 8 o'clock". "On" ndi wa masiku ndi madeti, "on Monday", "on 3 June". "In" ndi wa miyezi, zaka ndi zigawo za tsiku, "in June", "in 2020", "in the morning". Kenako pamabwera zopatuka: "at night", komanso "on Monday morning", pomwe tsiku limalanda mphamvu kwa m'mawa. Ndipo patsogolo pa "last", "next", "this" ndi "every" sipakhala mperekezi, choncho "on next Monday" ndi cholakwa. Pa malo, "at" amaona malo ngati pofikira chabe, "on" ndi pamwamba pa chinthu, "in" ndi m'kati, koma basi ndi sitima timati "on the bus", "on the train", galimoto yaing'ono "in the car". Pofika timati "arrive in" mumzinda kapena m'dziko, "arrive at" pa nyumba kapena pa siteshoni, ndipo "arrive home" alibe kanthu. Kwa ife olankhula Chichewa vutoli limakula chifukwa pa, ku ndi mu amagawa malo mwanjira yawoyawo: pa mmodzi yemweyo amagwira ntchito yomwe Chingerezi chimaigawa pakati pa "at" ndi "on", ndipo ku amagwira poti "to" komanso poti "at" kapena "in". Zonse ndalembazi zimapezeka pa tsambali mukafufuza liwu ndi liwu, koma zili balala. Pa gawo limeneli buku la galamala kapena mphunzitsi amachita bwino kuposa dikishonale iliyonse, ndipo ndi bwino kukhala nazo zonse ziwiri.

Chachiwiri n'chakuti tsambali silingakukonzere cholakwa chomwe iwe sukuchikayikira. Munthu amene wakhala akumva "cope up with" moyo wake wonse sadzaganiza zofufuza "cope", choncho sadzaona kuti kamzere kamangoti "cope with something". Mapulogalamu okonza zolemba omwe amadula mzere kunsi kwa cholakwa amaposa dikishonale pa mbali imeneyi. Komabe ine sindiwadalira okha, chifukwa munthu amangodina kuvomereza osadziwa chifukwa chake, mawa n'kubwereza cholakwa chomwecho, ndipo pomwe aperekezi awiri onse ali okhoza koma matanthauzo ndi osiyana, monga "by" ndi "to" pa manambala paja, pulogalamu singadziwe chomwe unali kuganiza. Njira yomwe ndimawaphunzitsa anzanga ndi yakuti ukamaliza kulemba kalata yofunika, uwerengenso ukuzunguliza mneni ndi mfotokozi aliyense yemwe watsatana ndi mperekezi, kenako ufufuze omwe sunawafufuzepo n'kale lonse, ngakhale akumveka bwino m'khutu. Masiku oyamba zimadya nthawi. Koma mawu omwe munthu amagwiritsa ntchito pa ntchito yake ndi omwewomwewo obwerezabwereza, ndiye posakhalitsa ofunika kufufuza amachepa. Ndimawauzanso kuti m'kabuku kawo asamalembe "depend" yekha, koma "depend on", "accuse somebody of", "congratulate somebody on", "good at", kuti liwu lilowe m'mutu pamodzi ndi mperekezi wake kuyambira pachiyambi.

Zina n'zazing'ono. Dikishonale yonseyi ndi ya Chingerezi, ndipo ngakhale matanthauzo analembedwa ndi mawu osavuta ochokera pa mndandanda wawo wa Oxford 3000, woyamba kumene kuphunzira adzavutika. Mawu ofunika kwambiri amaikidwa zizindikiro za magawo a CEFR, muyeso wosonyeza pomwe wophunzira wafika pa chiyankhulo, monga A1, B1 kapena C1, zomwe zimathandiza mphunzitsi kudziwa zoyamba kuphunzitsa, koma ndiona kuti tsambali limayamba kupindulitsa munthu akafika poti angathe kuwerenga nyuzipepala ya Chingerezi payekha. Gawo laulere lili ndi zotsatsa malonda, zomwe pa foni yaing'ono zimatenga malo. Limafunanso intaneti nthawi zonse, ndipo wofuna dikishonale yonse pafoni popanda intaneti ayenera kugula pulogalamu yake. Onetsetsaninso kuti pa kabokosi kofufuzira mwasankha dikishonale yomwe mukufuna, chifukwa pali ya Chingerezi wamba ndi ina ya Chingerezi cha ku America.

Ngati vuto lanu ndi aperekezi, gawo laulere likukwanirani, chifukwa timizere ta kamangidwe, zitsanzo zowonjezera, timachenjezo ndi mabokosi osiyanitsa Britain ndi America zonse n'zotsegula kwa aliyense. Kulipira ndingakulangizeni ngati mumalemba malipoti aatali tsiku ndi tsiku, kapena mumakonza zolemba za ena ngati ine, poti pamenepo dikishonale yonse ya mawu oyendera limodzi imafunika kawirikawiri. Wophunzira yemwe akukonzekera mayeso ayambe ndi buku la galamala pa "at", "on" ndi "in" za nthawi ndi malo, kenako abwere pa tsambali ndi aneni omwe amawagwiritsa ntchito kwambiri m'zimangirizo zake, awafufuze mmodzimmodzi.